Belo Lonyowa

Mutu 6

1. Zimene mayi anasiya

Mwezi wa Okutobala dera la pakati pa Mitundu ndi Nathenje limasanduka lupsa lokhalokha. Anyamata osaka mbewa amatentha tchire mpaka kudambo, ndipo palibe amene amawafunsa. Mbuzi zimakadya mapepala kumsika. Koma ng'ombe ya mkaka siidziwa kudzifunira chakudya. Imangoima m'khola n'kumayang'ana mwini wake m'maso.

Pakhomo pa mayi Jenifa panali ng'ombe imodzi yotere, yamawanga akuda ndi oyera. Ankaitchula Nachisale, ngati mayi waulemu wake, chifukwa inkadya bwino kuposa eni khomo.

Sinali yogula. Inachokera ku gulu la alimi a mkaka, ndipo inabwera ndi malamulo. Mwana wake woyamba wamkazi anali woti adzapite kubanja lina limene linkadikira. Ng'ombeyo ikaonda kapena kutaya bere chifukwa cha kusasamala, gulu linali ndi mphamvu yodzaitenga. Pa nthawiyi Nachisale inali ndi bere lalikulu, ndipo anali atasiya kuikama.

Chakudya chake chinkakhala m'chigafa chakale cha fodya, chimene bambo a pakhomopo anasiya popita ku Joni. Anapita ndi malonjezo ambiri. Malonjezowo sanabwerere, eni akenso sanabwerere.

M'chigafamo munali mabelo a sayileji. Nthawi ya masika gulu linabwereka makina amene anaduladula nsenjere ndi chimanga chachiwisi, n'kuzipanikiza, n'kuzikulunga m'pulasitiki woyera mpaka mpweya osalowa. Udzu wotere suuma. Umasasa pang'ono ngati thobwa logona, ndipo umakhala miyezi osaola. Belo lililonse linali lofika m'chiuno, ndipo amuna awiri ankabuula polinyamula.

Otseka anali atatsala asanu ndi limodzi, osawerengera lina lotsegula kale. Powonjezera madeya ndi mapesi, anali okwana ndendende kufikitsa Nachisale ku msipu wa mvula yoyamba.

Kenaka mwana wamkulu wa mayi Jenifa, Maness, anapita kuchidikiro kuchipatala cha Mitundu, ndipo mayi ake anayenera kukamudikirira. Khomo linatsala m'manja mwa Felesiya, mtsikana wa Fomu 2.

"Belo limodzi likatha, ndiye utsegule lina," anatero mayi Jenifa akumanga katundu m'chitenje. "Ukatapa, uzimanganso kukamwa. Nkhuku ndi mbuzi zisayandikire. Ukaona kabowo, mata ndi tepi ili pawindo iyo. Mpweya usalowe, wamva? Atsibweni ako abwera kudzagona pano."

Aphunzitsi amene gulu linaitana anaphunzitsa mayi Jenifa okha za sayilejiyo, masana amodzi, n'kukwera galimoto lawo. Sanafunse kuti pakhomo pa Mchewa mawu omaliza amakhala a yani.

2. Mphuno ya atsibweni

A Zakeyu, mlongo wawo wa mayi Jenifa, anafika pa njinga madzulo a tsiku lomwelo. Unyamata wawo wonse unathera mu utenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji. Anabwerako ndi njingayo, chifuwa chosatha, ndi mtima wosakhulupirira munthu aliyense wovala nsapato zopolisha.

Asanamwe ndi madzi omwe, analowa m'chigafa. Felesiya anawapeza atapisa dzanja m'belo lotsegula lija. Anatulutsa udzu, anaufinya, anaununkhiza, n'kulavula.

"Iwe Felesiya, mowa uwu akufulula ndani?"

"Si mowa atsibweni. Ndi chakudya cha Nachisale."

"Chonyowa chonchi? M'belo?"

"Chimakhala choncho."

A Zakeyu anakhala pa mtondo wogubuduza umene unali pakhomo pa chigafa, n'kuloza pansi. Felesiya anakhala.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ine belo ndinalidziwa mayi ako asanathe msinkhu. Ndadinda fodya pa jeke mpaka zikhatho izi zinasanduka chikopa cha ng'oma. Lamulo la belo ndi limodzi: chonyowa sichilowa m'chiguduli. Chaka china kapitawo anatifulumiza, akuti lole ikudikira. Tinadinda fodya ali ndi mnyontho. Ku okushoni atang'amba chiguduli anapeza m'kati mwachita chuku, mukutentha ngati mwasonkhedwa moto. Mabelo onse anabwezedwa. Kapitawo sanagone ndi njala. Tinagona ndi njala ndife, ndipo kumudzi tinabwerera wapansi, ana kumsana.

"Tsopano tayang'ana kulikonse. Chimanga timayanika tisanaike m'nkhokwe. Mtedza timayanika. Mfutso wa mayi ako umayamba wagona pa mphasa padzuwa. Kodi udzu wokhawu ndiwo unapita kusukulu? Anthu a makina aja anali ngati kapitawo wanga uja. Ankathamangira kukadinda kwina. Anakukulungirani madzi m'pepala lonyezimira, inu n'kumawaombera m'manja. Zikadzaola, iwo adzakhala ali m'tauni."

"Amayi anati mpweya usalowe," anatero Felesiya akuyang'ana pansi.

"Mayi ako ndinamubereka kumsana ine. Sangandiphunzitse belo."

Anapita pa njinga yawo, n'kumasula sipoko yakale imene inali yomangirira kukaliyala. Anainola pa mwala mpaka inasongoka.

"Belo lililonse mabowo kuzungulira, lipume. Koma ubowole ndiwe. Anasiya m'manja mwako. Ndisadzamveke kuti Zakeyu anagwira za eni. Mawa pobwera kusukulu."

3. Pamjigo

M'mawa mwake Felesiya anapita kukatunga madzi a ng'ombe. Pamjigo anapeza mayi Rozina, a mudzi woyandikana nawo, amene anayamba kuweta ng'ombe za mkaka gulu lisanakhale ndi dzina. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa.

"Nkhope imeneyo bwanji, ngati wameza ndulu? Maness wachira?"

"Ayi, sanachire. Koma kwathu kwabwera atsibweni."

"A Zakeyu? Aja amanunkhiza tiyi pamaliro asanamwe? Ndiye akununkhiza chiyani tsopano?"

Felesiya anafotokoza. Mayi Rozina analeka kupopa, madzi n'kuduka.

"Mwana iwe, tsegula makutu. Fodya ndi sayileji n'zosiyana ngati nsomba youma ndi nsomba ya m'madzi. Ina ukainyowetsa yaola, ina ukaiumitsa yafa. Udzu uja ukukhala bwino chifukwa watsekeredwa. Tsiku limene mpweya udzalowe, udzayamba kutentha, kenaka chuku. Chaka chatha khoswe anaboola belo la a Efulemu, kabowo kolowa chala chimodzi. Iwo anati n'zazing'ono, anapala pamwamba n'kupatsa ng'ombe. Mwana anatuluka wakufa masiku asanakwane. Khola lawo ukaliona lero akusungiramo nkhuni. Ng'ombe ya bere siidya chachuku, ngakhale pang'ono, ngakhale choyanika.

"Atsibweni ako si munthu woipa. Anapsa ndi fodya, ndiye chilichonse chomangidwa amachiona ngati fodya. Koma usawachititse manyazi. Kukana mkulu kuli ndi njira yake. Sukweza mawu. Suloza chala. Umagwada, n'kunena mawu ako kamodzi, basi osasuntha. Akalipa, akalipe. Mkwiyo wa atsibweni umatha, koma belo loboola silibwerera."

"Mukanabwera mudzawauze nokha."

"Ine? Adzati ndikufuna mabelo anu. Komanso mbumba ndi yawo, ine ndine wakunja. Nayi foni, uyankhule ndi mayi ako."

Foni inaitana nthawi yaitali. Mayi Jenifa atayankha, kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la mapoto ndi amayi okanganirana moto.

"Mabelo asabooke, ndinakuuza kale," anatero. "Komanso usakangane ndi atsibweni ako, wamva? Ndi amene atiyang'anira. Nesi akuitana, ndidula."

Felesiya anabweza foni. Anasenza ndowa yake, madzi akutayikira pamapewa.

4. Mapanga awiri

Pobwera kusukulu anapeza a Zakeyu atakhala pa mtondo uja, sipoko ili pamiyendo.

"Atsibweni, bwanji tiyambe taboola awiri okha, tione?"

"Ha! Wayamba malonda ngati wa kaunjika. Onse."

"Atatu."

A Zakeyu anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Chabwino, atatu. Ukadzaona ndi maso ako, enawo udzaboola ukuimba nyimbo."

Felesiya anatenga sipoko. Pulasitiki anali wolimba, ndipo poyamba sipoko inaterereka. Kachiwiri inalowa. Fungo losasa linatuluka. Anazungulira belo loyamba, lachiwiri, lachitatu, a Zakeyu akuloza ndi phazi pamene pankafunika bowo lina.

Nzeru yake inali yakuti adzamata mabowowo atsibweni asakuona. Anamatadi m'mamawa, asanapite kusukulu. Pobwera anapeza tepi yonse itamatulidwa, itamatidwa pa mzati wa chigafa mondondozana, ngati masamba a fodya woyanika. Mabowo anali atakulitsidwa ndi kamtengo.

"Khoswe wina akumatseka mphuno za mabelo anga," anatero a Zakeyu osamuyang'ana. "Tepi yotsala ndakusungira ine."

Akale anati mapanga awiri avumbwitsa. Felesiya anafuna kusangalatsa mayi ake ndi atsibweni ake nthawi imodzi, ndipo mvula inamupeza ali pakati.

5. Chuku

Dzuwa linapitiriza kuswa mtengo. Nachisale inkadya belo lotsegula lija, ndipo patapita masiku linatha.

Felesiya anaika dzanja pa limodzi mwa mabelo oboola. Linali lofunda ngati mwana wa malungo. Anang'amba pulasitiki. Kuzungulira bowo lililonse kunali chuku choyera ndi chobiriwira, ndipo m'kati udzu unali utada n'kuterera. Fungo la thobwa linali litatha. Linatsala la kudzala nthawi ya dzinja. Lachiwiri ndi lachitatu analinso chimodzimodzi.

A Zakeyu anabwera kudzaona. Nkhope yawo inawala.

"Waona? Ndimanena chiyani? Kutentha uku ndi komwe kuja kwa ku okushoni. Zinaolera m'kati kalekale, mabowo angotulutsa chinsinsi. Tikanachedwa, bwenzi zonse zili manyowa. Enawo tiboole lero lomwe, ndipo izi tiyanike."

"Atsibweni, belu latsala pang'ono kulira. Ndikabwera tikambirana. Nachisale ndaipatsa madeya ndi mapesi."

Anathamangira kusukulu. Tsikulo kunali mayeso a masamu, ndipo iye anaganiza kuti nkhaniyo ikhoza kudikira mpaka masana. Pakhomo nkhani siidikira munthu.

Pobwera anaona mphasa zitayalidwa pabwalo, udzu wakuda uli pamwamba pake. Wina unali kale modyera ng'ombe. A Zakeyu anali atauwaza mchere ndi madeya, chifukwa poyamba Nachisale inaukana. Tsopano inali itadya pafupifupi theka.

Felesiya anaponya chikwama pansi, n'kulowa m'khola. Anakankha mutu wa ng'ombe, n'kuyamba kukokolola udzuwo ndi manja kuthira m'dengu.

"Ukutani iwe?"

Felesiya anatuluka m'khola. Anakataya dengu kudzenje la zinyalala, n'kukwirira ndi dothi kuti mbuzi zisafukule. Anabwerera, anatsuka modyeramo ndi madzi. Kenaka anapita pamene panaima atsibweni ake, n'kugwada.

"Atsibweni, ndakumvani masiku onsewa. Koma Nachisale sidyanso udzu uwu, ndipo mabelo atsalawa sindiboola."

"Bwereza."

Felesiya sanabwereze. Anangokhala chogwada.

"Eya, zafika pamenepo," anatero a Zakeyu. "Ukuti tsobola wakale sawawa. Chingerezi cha Fomu 2 chakukwera m'mutu. Tamvera, ndikuuze zimene sakuphunzitsani kumeneko. Bambo ako ali kuti? Anthu a gulu lako ali kuti? Tsiku limene udzadwale, adzakunyamula pa njinga ndani? Tsiku limene mwamuna adzakufunsire, adzagogoda pakhomo pa yani? Pa makina odinda udzu? Ine ndasiya khomo langa, nkhuku zanga zikugona kunja, kudzalondera chuma cha mlongo wanga. Ndayanika udzu uwu ndi msana wowawa. Iwe wautaya kudzala pamaso panga, ngati ndapatsa ng'ombe poizoni. Mwana wamwano sakalamba bwino, Felesiya. Udzandifuna."

Ana a nyumba yoyandikana anali ataunjikana kumpanda. Felesiya anadikira mpaka atsibweni ake atakhala pansi. Kenaka anadzuka, anatola sipoko pa mtondo, n'kukaiponya m'chimbudzi.

Anatsegula limodzi mwa mabelo abwino aja, kukamwa kokha, monga anamuuzira mayi ake. Udzu unali wachikasu, wonunkhira bwino. Anatapa wokwana chakudya chimodzi, n'kumanganso ndi luzi mwamphamvu. Nachisale inanunkhiza, inadyako pang'ono, n'kusiya.

Madzulo amenewo a Zakeyu anakana chakudya. Anatafuna chinangwa chawo chouma ali pakhonde, atafulatira.

6. Njinga

Kutacha, Felesiya anapita kukhola. Masiku onse Nachisale inkamulandira ndi kulira, itatulutsa mutu pampanda. Tsikuli inali itaima pakona, makutu ali pansi. Sinkabzikula. Chakudya cha dzulo chinali chikhalire, ndipo kumiyendo yakumbuyo kunali ndowe zamadzi.

Anaigwira mphuno. Inali youma. Anaika dzanja pamimba n'kudikira kuti mwana agunde. Anadikira mpaka dzanja linatopa, osadziwa ngati chimene anamva chinali mwana kapena kupuma kwa ng'ombe chabe.

Anathamangira kwa mayi Rozina. Anapeza atapita kale kukapereka mkaka, foni ili m'chitenje mwawo. Munthu yekhayo wodziwa kubaya ng'ombe anali mlangizi wa ziweto wa ku Nathenje, ndipo mlangiziyo dzuwa likakwera ankalowa m'midzi pa njinga yamoto, osapezekanso mpaka madzulo. Wapansi sakanamupeza.

Atabwerera anapeza a Zakeyu ataima pakhola, manja ali kumbuyo. Anaiyang'ana ng'ombeyo nthawi yaitali.

"Yayamba liti?"

"Ndaipeza choncho."

"Hmm. Dzulo madzulo unaipatsa za m'belo losapuma lija."

"Inangolawa, atsibweni."

"Kulawa ndi kudya komwe."

Anakhosomola, analavula, n'kupita kukhonde. Anabwera akukankha njinga yawo, imene sankalola munthu aliyense kuigwira, ngakhale mwana wawo weniweni.

"Kwera. Buleki ndi ya kutsogolo yokha, usamale potsetsereka kumlatho. Ukamuuze mlangizi wakoyo abwere msanga."

Felesiya anagwira mahandulo, koma sanakwere. Maso ake anapita kuchigafa. Mabelo otseka anali atatsala awiri okha, ndi lachitatu lomanga ndi luzi. Ngakhale onse akanakhala bwino, sakanafikanso ku mvula. Chigafa chinalibe chitseko. Sipoko inali m'chimbudzi, koma pakhomo pa mlimi zosongoka sizisowa.

"Atsibweni, mabelo aja..."

"Ukuchedwa. Ng'ombe ikufa iwe ukuwerenga mabelo?"

Munthu wouma mtima akakupatsa njinga yake usanapemphe, pali ziwiri. Mwina chisoni chamugwira, mwina akufuna uchoke. Nkhope ya a Zakeyu sinkaonetsa kuti n'chiti.

M'khola Nachisale inabuula, n'kupinda miyendo yakutsogolo kuti igone.

Felesiya anamanga chitenje, anakwera, n'kupalasa. Atafika pamphambano ya msewu wa ku Nathenje anacheuka. Atsibweni ake anali atachoka pakhola. Ankayenda pang'onopang'ono kulowera kuchigafa, dzanja limodzi lili kumbuyo, ndipo fumbi linamulepheretsa kuona chimene ananyamula.

Felesiya sanabwerere. Anawerama n'kupalasa mwamphamvu.